Ndi chipangizo chiti chimene pofika 2035 tizidzati sitingakhale popanda icho?

Bambo a Tadala (admin): Moni nonse. Madzulo ano tipumuleko ndale, ndabwera ndi funso lina. Mu 1999, pomwe Celtel inkayamba kuno, foni ya m'manja inali ya mabwana. Lero agogo kumudzi ali ndi kafoni ka mabatani kolandirira ndalama. Ndiye ndi chinthu chiti chimene panopa tikuchiona ngati cha anthu olemera, koma pofika 2035 aliyense azidzachifuna tsiku ndi tsiku? Musangotchula dzina, mupereke chifukwa.

Mnyamata wa ku Ndirande: AI basi, nzeru zopangidwa za makompyuta zija zoyankha ngati munthu. Tsekani nkhaniyi admin.

Wakabaza wa ku 25: Njinga yamoto yamagetsi. Amene sanagonepo pamzere wa petulo sangandimvetse.

Mayi a Pemphero: Amuna inu mwathamangira zoyenda ndi zoyankhula. Ine ndati chophikira chosafuna makala. Funsani mtengo wa thumba la makala ku Lilongwe kuno kenako mubwere tikambirane za AI.

Aphunzitsi Opuma: Ana anga, musanapitirire, mukumbukire kuti olosera zamtsogolo ambiri anagwa nazo. Mu 2001 ku America kunatuluka kanjinga ka matayala awiri koimirirapo kotchedwa Segway. Ankati mizinda izimangidwa motsatira kanjingako. Mu 2020 anasiya kukapanga. Google inatulutsa magalasi okhala ndi kakompyuta, Google Glass, anthu nkumati foni yatha ntchito. Ali kuti lero? Cha m'ma 2005 kunabwera nkhani ya laputopu ya madola 100 ya mwana aliyense wa sukulu m'mayiko osauka. Ife aphunzitsi tinadikira mpaka tinapuma pantchito choko chili m'manja. Ku Kenya anaulutsa zibaluni za intaneti za Loon mu 2020, chaka chotsatira ntchitoyo inatsekedwa. Pomwe kutumiza ndalama pafoni, komwe palibe ankakuimbira nthungululu pomwe M-Pesa inkayamba ku Kenya mu 2007, ndi kumene kwasintha moyo wa munthu wamba.

Mnyamata wa ku Ndirande: Ndiye madala mukuti tisalosere?

Aphunzitsi Opuma: Loserani, koma muyang'ane pamalo poyenera. Chinthu sichikhala chofunika chifukwa choti ndi chodabwitsa. Chimakhala chofunika tsiku limene anthu ena ayamba kukuwerengera kuti uli nacho, moti ukapanda kukhala nacho umatsala panja. Chiphaso cha unzika cha NRB tinalembetsa mu 2017, ambiri mwa ife tikung'ung'udza kuti ndi chotayitsa nthawi. Chaka chotsatira anati popanda kulembetsa simu khadi nambala yako itsekedwa. Kenako feteleza wotsika mtengo wa AIP anayamba kugulidwa ndi chiphasocho. Palibe anatifunsa ngati tikuchikonda.

Achemwali a ku Leeds: Aphunzitsi mwalasa. Kuno ku UK zili chimodzimodzi ndi khadi la ku banki. Mabasi a ku London anasiya kulandira ndalama zamanja mu 2014, ndipo pano kuli malo odyera ambiri olemba pakhomo kuti khadi lokha. Ukhoza kukhala ndi mapaundi m'thumba koma nkulephera kugula tiyi. Kuonana ndi dokotala, malipiro a kuntchito, ngakhale chilolezo chokhalira m'dziko muno, zonse zalowa m'foni. Ndiye yankho langa ndi lotopetsa: simatifoni yomweyi, koma itasanduka chiphaso ndi chikwama cha ndalama nthawi imodzi. Kafoni ka mabatani ka agogo kadzasiya kukwanira.

Bambo a Tadala (admin): Achemwali, simatifoni ndi yakale imeneyo. Ndafunsa zamtsogolo.

Achemwali a ku Leeds: Kwa inu a m'tauni ndi yakale. Pitani ku Nthalire kapena ku Makanjira mukawerenge amene ali nayo.

Achimwene a ku Joni: Ine ndikuuzeni zomwe ndaona ndi maso kuno. Mu 2023 magetsi ankazima maola ambirimbiri pa tsiku, mpaka dziko lonse linaloweza ndandanda wa load shedding. Inveta ndi batire, zomwe kale zinali za m'maofesi, zinalowa m'nyumba za anthu wamba. Wometa, wa shopu ya spaza, mayi wosoka, aliyense anafunafuna kabatire kake. Padenga paliponse m'madera a anthu opeza bwino pali sola. Magetsi atayamba kukhazikika palibe anachotsa zipangizozo. Ndiye ine voti yanga ndi batire ya lithium ya panyumba. Zonse mwatchulazi, AI, foni, njinga, zimadya moto.

Amisiri a ku Kanengo: Achimwene mwandilanda mawu. Ndiloleni nditalikitseko chifukwa iyi ndi ntchito yanga. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pa nyumba 100 zilizonse m'Malawi, pafupifupi 11 zokha ndi zomwe zinali ndi magetsi a pamzere. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi, Shire: Nkula, Tedzani, Kapichira. Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi, ndipo kukonza kunatenga kupitirira chaka. Tonse tikukumbukira mdima wa nthawi imeneyo. Sola tili nayo, ku Salima kuli ya mamegawati 60 yomwe inayamba mu 2021. Koma dzuwa limalowa nthawi yomwe anthu akufika kunyumba nkuyatsa zonse. Nchifukwa chake ya ku Golomoti, ya mamegawati 20, anaimanga pamodzi ndi mabatire osungira magetsi. Zomwe anachita ku Golomoti ndi zomwe nyumba iliyonse idzachite pang'onopang'ono. Mapanelo si vuto tsopano, ali pamsika uliwonse. Vuto ndi posungira.

Nachisale wa ku Mitundu: Amisiri, kwathu kuno sola yalowa kale. Anthu akutenga ya ngongole yolipira pang'onopang'ono pafoni, mababu atatu ndi potchajira. Ukalephera kulipira imazima yokha. Ena amagula panelo ndi batire ya galimoto pamsika, koma miyezi ingapo batire yafa.

Amisiri a ku Kanengo: Imafa chifukwa batire ya galimoto anaipangira kuliza injini kwa masekondi ochepa kenako nkudzadzidwanso nthawi yomweyo. Mukamaikhetsa mpaka pansi usiku uliwonse ndi TV, timapuleti ta m'kati timawonongeka. Ya lithium imapirira kukhetsedwa ndi kudzadzidwa kambirimbiri, zaka zingapo ikugwirabe. Padziko lonse mtengo wake watsika ndi pafupifupi 90 peresenti kuchokera mu 2010.

Mayi a Pemphero: Watsika kuti? Ine sindinauone ukutsika.

Amisiri a ku Kanengo: Watsika m'madola mayi. Kuno kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zomwe fakitale ya ku China yachotsa pamtengo, kwacha yathu yabwezerapo. Ndiye ulosi uliwonse wa zipangizo m'Malawi muno umadalira nkhani ya ndalama zakunja. Chomvetsa chisoni nchakuti graphite yomwe imalowa m'mabatire amenewa ili pansi pa nthaka yathu ku Kasiya konkuno. Idzatuluka ngati dothi, idzabwera ngati batire ya madola.

Bambo a Tadala (admin): Tinagwirizana kuti ndale ayi lero.

Wakabaza wa ku 25: Ndiye mwavomereza mfundo yanga mosadziwa. Njinga yamagetsi ndi batire yokhala ndi matayala. Ku Kigali anzathu akuyendetsa kale za kampani ya Ampersand. Sudikira kutchaja, umangofika pa siteshoni, kusiya batire yotha, kutenga yodzadza, kulipira, ulendo. Palibe oyilo wosintha, palibe pulagi, palibe kabureta. Ndalama yomwe ndimapeza pa tsiku, gawo lalikulu limathera petulo, ndipo akasowa timagula wa m'zigubu pamtengo wowawa. Ethiopia inaletsa kulowetsa magalimoto a petulo mu 2024 chifukwa chotopa ndi kugula mafuta ndi madola omwe alibe. Ife vuto lathu silosiyana.

Bambo a Yamikani ku Mzuzu: Achimwene a kabaza, Ethiopia ili ndi damu lalikulu pa Blue Nile, magetsi ndi otchipa. Inu siteshoni yanuyo izitchaja ndi chiyani magetsi akazima? Komanso njinga ya petulo ikafa ku Euthini, mnyamata wa pansi pa mtengo amaikonza ndi sipanala ziwiri. Yamagetsi ikafa kumeneko mukaitengera kuti?

Wakabaza wa ku 25: Mafoni atangobwera analipo wokonza? Lero mumsika wa Lilongwe anyamata akusintha sikirini mphindi khumi. Chinthu chikachuluka okonza amabadwa okha.

Bambo a Yamikani ku Mzuzu: M'tauni ndikuvomera. Kumudzi pofika 2035, ayi.

Mnyamata wa ku Ndirande: Mwandisiya ndekha ndi AI yanga. Tamverani. ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022, si kale. Lero aliyense wa ku koleji amene ndikumudziwa amaigwiritsa ntchito. Makalata ofunsira ntchito omwe mabwana akulandira masiku ano, ambiri si anthu akulemba. Ndipo si za Chingerezi zokha. Bungwe la Opportunity International linapanga Ulangizi, yomwe imayankha mafunso a ulimi pa WhatsApp m'Chichewa. Mlimi amajambula tsamba la chimanga lomwe lagwidwa, nkufunsa. Alangizi a boma ndi ochepa, mmodzi amayang'anira midzi yambirimbiri ndi njinga yakapalasa. Mukuganiza kuti mlimi adzadikira?

Nachisale wa ku Mitundu: Ndikufunse mwana wanga. Ikandiuza mlingo wolakwika wa mankhwala ophera mbozi, chimanga nkupsa, ndikadandaula kwa ndani? Mlangizi ndimadziwa kwawo, ndimadziwa ndi mfumu yake.

Mnyamata wa ku Ndirande: Mlangizi salakwitsa?

Nachisale wa ku Mitundu: Amalakwitsa, koma amachita manyazi. Chaka chamawa amabwera mosamala.

Aphunzitsi Opuma: Mfundo ya mayi ndi yolemera, komabe ndikuganiza kuti mnyamatayu apambana, ngakhale osati m'njira yomwe akuganizira. Anthu ambiri sadzakhala pansi nkumati lero ndigwiritse ntchito AI. Adzaipeza ili kale m'kati mwa zinthu. Ukaimba ku banki idzakuyankha ndi iyo. Ukafunsira ngongole pafoni idzakuyeza ndi iyo. Ndipo chomwe chidzatsegule chitseko kwa anthu athu ndi mawu apakamwa. Onani momwe voice note inalandiridwira. Azakhali anga sadziwa kulemba, koma amatumiza uthenga wa mphindi zisanu wofotokoza maliro onse, amene analira ndi amene sanabwere. Tsiku limene foni idzamve Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao bwinobwino, moti munthu nkungonena kuti tumiza 5,000 kwa mwana wanga ku Zomba, pamenepo ndiye zalowa m'mudzi.

Achemwali a ku Leeds: Pamenepo ndi pomwe ine ndikuopa. Kuno akuchenjeza kale za akuba omwe amatenga mawu a munthu pa vidiyo nkupanga uthenga womveka ngati iyeyo. Kumudzi anthu akuberedwa ndi SMS wamba yoti ndakutumizirani ndalama molakwitsa, bwezani. Nanga akadzaimbira mayi anga ndi mawu anga enieni, ndikulira kuti ndili m'mavuto? Mwina chofunika cha 2035 chidzakhala njira yotsimikizira kuti amene ukuyankhula naye ndi munthu wako.

Achimwene a ku Joni: Ife pabanja pathu tinagwirizana kale funso lomwe timafunsana nkhani ya ndalama ikabwera pafoni. Wosadziwa dzina la galu wa agogo salandira kanthu.

Bambo a Tadala (admin): Musalitchule pagulu pano dzinalo.

Namwino wa ku Kasungu: Ndalowa mochedwa, ndinali pa shifiti. Palibe watchula ma drone? Kuno ku Kasungu ndi komwe boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserera tindege timeneti mu 2017, ndipo mu 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu yake, African Drone and Data Academy. Ku Rwanda, kampani ya ma drone ya Zipline yakhala ikunyamula magazi kupita ku zipatala kuyambira 2016. Nthawi ya dzinja mlatho ukakokoloka, magazi okayezetsa kapena katemera zimafika ndi kandege pomwe ambulansi yalephera. Koma sindinganene kuti nyumba iliyonse idzafuna drone. Pali zinthu zomwe munthu adzadalira osazigwira nkomwe. Mayi woyembekezera sadzadziwa kuti magazi omwe amupulumutsa anabwera bwanji.

Bambo a Tadala (admin): Ndiye tigawe pawiri: za m'thumba mwa munthu, ndi za chipatala kapena boma. Funso langa linali la m'thumba ndi m'nyumba.

Bambo a Yamikani ku Mzuzu: Nanga Starlink, intaneti ya setilaiti ija? Inafika kuno mu 2023. Malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja ambiri aika kale.

Amisiri a ku Kanengo: Mbale yake ndi yodula kwa munthu mmodzi, ndipo nayonso imafuna magetsi osazima. Chomwe ndikuona ndi munthu mmodzi pa trading centre kuika, ena nkumagula intaneti kwa iye pa ola, monga zinkakhalira ndi ma telefoni bureau kale. Zikadzatheka kuti foni wamba izilumikizana ndi setilaiti popanda mbale, zomwe ayamba kale m'mayiko ena, pamenepo nkhani ya kukwera pachulu kusaka netiweki idzatha.

Mayi a Pemphero: Ndabwereranso ku mbaula yanga chifukwa mwaidumpha nonse. Munthu akhoza kukhala tsiku lonse osatsegula intaneti, koma sangagone osaphika. Makala akuchokera kutali chaka ndi chaka. Taonani phiri la Ndirande, taonani Dzalanyama momwe yapepukira. Lamulo la nkhalango analikhwimitsa mu 2020, oyaka makala akugwidwa, koma m'tauni tikugulabe chifukwa tilibe pogwira. Sitidzasiya makala chifukwa chokonda mitengo. Tidzasiya tsiku lomwe thumba lidzadule kuposa kudzadzitsa silinda ya gasi, ndipo kwa ena tsikulo lafika kale.

Achemwali a ku Leeds: Gasi nayenso amabwera ndi madola mayi. Akasowa ngati petulo mudzatani?

Mayi a Pemphero: Nchifukwa chake sindinati gasi yekha. Ine ndili ndi poto wamagetsi wa pressure. Nyemba zomwe zinkandithera makala a tsiku lonse zimapsa pasanathe ola, mayunitsi ochepa. Magetsi akazima ndimayatsa gasi. Gasi akatha ndimabwerera ku mbaula. Khitchini ya 2035 idzakhala ndi zitatu zonsezi, chifukwa palibe chimodzi chomwe tingachikhulupirire.

Nachisale wa ku Mitundu: Nsima ya banja la anthu asanu ndi atatu mu poto wa pressure? Mthiko uzilowera pati?

Mayi a Pemphero: Nsima pa gasi, ndiwo mu poto. Musandipanikize.

Mlimi wa ku Chikwawa: Ndakhala ndikuwerenga chete. Inu mukukamba zophikira, ine ndikukamba chophikidwacho. Mu Malichi 2023 Freddy anatikokolola. Mu 2024 kunabwera ng'amba ya El Niño, boma nkulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Mvula yoti udzale mu Novembala nkukolola mu Epulo mosadandaula siikudalirikanso. Amene anadya chaka chimenecho ndi amene anali ndi dimba. Pampu yopalasa ndi miyendo imatha munthu mphamvu, ya petulo imatha ndalama. Ya sola imakoka madzi nthawi yomwe dzuwa likuswa mtengo, yomwenso ndi nthawi yomwe mbewu zikufuna madzi, ndipo siifuna batire nkomwe. Kwa mlimi, pampu ya sola idzakhala chinthu choyamba kugula akagulitsa mbuzi, patsogolo pa malata.

Amisiri a ku Kanengo: Apa ndiye mwandigonjetsa pang'ono, chifukwa ndi chinthu chokhacho pa zonse tatchulazi chomwe chimabweza ndalama yake osadalira batire. Chenjezo langa ndi limodzi. Aliyense akadzakhala ndi pampu yokoka ulere tsiku lonse, zitsime zosaya zidzayamba kuuma, ndipo milandu ya madzi idzadzadza pabwalo la mfumu.

Mlimi wa ku Chikwawa: Milanduyo ilipo kale. Bola kukangana pa madzi kusiyana ndi kudikira chimanga cha chithandizo.

Aphunzitsi Opuma: Tayesani zonsezi ndi muyeso uja. Ndani adzakukakamize kukhala ndi pampu? Njala. Poto wamagetsi? Mtengo wa makala. Simatifoni? Boma, banki ndi sukulu. AI? Abwana ako, ndi mnzako wopikisana naye pa ntchito. Njinga yamagetsi ndiyo sindikuona woikakamiza, pokhapokha boma litachita ngati Ethiopia.

Wakabaza wa ku 25: Woikakamiza ndi pasenja, madala. Mnzanga wamagetsi akadzayamba kutenga munthu kuchokera ku 25 kupita ku Kanengo pamtengo wotsika kuposa wanga, ine ndidzatsala pa siteji ndekha. Sipafunika lamulo.

Bambo a Yamikani ku Mzuzu: Tibetcherane. Pofika Disembala 2030, pa siteji yanu ya ku 25 njinga za petulo zidzakhala zikadali zambiri kuposa zamagetsi. Ndikaluza ndikutumizirani nkhuku ziwiri za chikuda pa basi.

Wakabaza wa ku 25: Admin anati 2035, inu mwadula zaka zisanu. Koma ndavomera. Ndikaluza ndidzakunyamulani ulere sabata yonse mukadzabwera ku Lilongwe.

Bambo a Yamikani ku Mzuzu: Pa njinga ya petulo.

Bambo a Tadala (admin): Ndajambula sikirini, ndasunga. Amisiri, anthu atatu andifunsa kumbali momwe angadziwire batire ya lithium yeniyeni, chifukwa pamsika pali zina zolembedwa manambala akuluakulu koma zosachedwa kutha moto.

Amisiri a ku Kanengo: Asagule yopanda chikalata cha waranti chokhala ndi dzina la shopu. Afunse ngati ili ndi BMS, kabolodi koteteza kuti isadzadze kapena kukhetsedwa mopitirira. Ndipo asailumikize ku chaja ya batire ya galimoto kapena ku controller (kabokosi koyendetsa kutchaja kwa sola) yakale yosadziwa lithium. Mawa ndikafika ku shopu ndijambula ziwiri, yabwino ndi yachinyengo, muone kusiyana kwa zolembedwa pambali.

Nachisale wa ku Mitundu: Mujambulenso pampu ya sola yaing'ono ndi mtengo wake. Ya dimba la theka la ekala.